Mchere wa Mtolankhono

Dzuwa litapendeka pang'ono, banja la Alufeo linali pabwalo kupuntha nyemba. Inali nyengo yachisanu, mphepo ikutsika m'phiri la Mphunzi ngati yochita kutumwa, ndipo aliyense ankasendera pomwe pali kadzuwa. Mkazi wa Alufeo, Dorika, ankamenya makoko ndi ndodo, mlamu wake wamkulu, a Magadalena, akupeta m'lichero. Alufeo anakhala patsinde pa nkhokwe akusema mpini. Mpiniwo anauyamba kalekale, koma chibwerere ku ulendo wosenza katundu wa nkhondo ya Azungu, manja ake ankagwira ntchito ngati obwereka.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Elena, anamugoneka pamkeka pafupi ndi khoma, pamene mphepo sinkafika. Anali msungwana wosatha msinkhu, yemwe kale ankathamanga mpaka kusiya anyamata. Tsopano mapazi anali atatupa, mimba ili ngati mtsuko, manja atangotsala timitengo. Akapita kuseri kwa nyumba ankasiyako magazi.

Masiku amenewo a Magadalena sankalankhula ndi Dorika. Ankalankhula ndi nkhuku.

"Choka apa, thadzi iwe," anatero akukupiza lichero. "Unadya za eni mwini wake atachoka, lero ukuyenda ndi khosi lowongoka."

Dorika anangomenya makoko, osatukula mutu. Mawuwo anawamva, ndipo ankadziwa kuti nkhuku inalibe mlandu.

Kumudziko munthu aliyense ankadziwa kuti mwana akatupa chotero ndiye kuti ndi mdulo. Mmodzi mwa makolo wayenda njira zamseri, thupi lake latentha, ndipo mwana wadya mchere wochokera m'dzanja lotenthalo. Alufeo anali atalumbira kale pamaso pa mlongo wake. Anati kumene anali, munthu sankatsala ndi mphamvu ngakhale zoingitsira ntchentche pachilonda, nanji zoyang'anira akazi. Choncho chala chinatembenukira kwa yemwe anatsala pakhomo. Dorika anali wa chitengwa, kwawo kunali ku Chongoni, ndipo pamudzi pano analibe mlongo woti n'kumuyankhira.

Ngakhale anali anthu a mpingo, a Magadalena anazemba n'kupita kwa sing'anga wa kuseri kwa chitunda. Anabwerako ndi mizu, n'kuitsomeka kudenga la nyumba yawo. Sing'angayo ananenetsa kuti mizuyo payokha ndi nkhuni chabe. Kuti igwire, wodula mwanayo avomere ndi pakamwa pake pamaso pa abale, kenaka athire mchere m'mankhwalamo ndi dzanja lake, n'kumumwetsa. Dorika anakana mpaka malovu kuuma. Anagwira Buku, anatchula manda a mayi ake. Mizu ija inkangouma kudenga, mwana naye akuuma pamkeka.

Chomwe chinkamuwawa koposa n'chakuti mchere womwewo ndiwo unamupatsa ulemu pamudzi.

Nkhondo isanayambe, ku mishoni ya kuseri kwa phiri kunabwera dotolo wamtali, woyenda chowerama. Ankatola chilichonse chokwawa ndi chosambira, nkhupakupa, achule, tinsomba ta m'makhwawa, n'kumaika m'mabotolo kuti atumize kwa anzake ophunzira kutsidya kwa nyanja. Anthu anamutcha Mtolankhono, chifukwa koposa zonse ankafuna nkhono za m'madzi. Pakasupe pamene mudzi unkatunga panalibe nkhono, madzi ake anali ozizira mopweteka mano. Iye ankafuna za kudziwe la kumunsi kwenikweni kwa dambo, kumene chigwa chimatsika ndipo madzi amaima n'kufunda. Anthu sankakondako, kunali kutali komanso kwa matope. Koma wobweretsa chipanda cha nkhono zamoyo ankalandira mchere.

Unali mchere woyera mbee ngati matalala, osati chidulo chotcheza paphulusa chimene chinkasiya ukali kukhosi. Akuluakulu ankachita manyazi kukatola nkhono ngati akakowa, ndiye Dorika anatuma Elena. Mwanayo anali ndi maso. Ankalowa mpaka m'chiuno, n'kumapapasa pansi pa masamba oyandama ndi m'tsinde mwa bango. Ankabwerako akudzikanda miyendo, mayi ake n'kumudzoza mafuta a nsatsi, akuti wayabwidwa ndi udzu. Masiku amenewo ndiwo za kwa Dorika zinkamveka mudzi wonse, ndipo a Magadalena ankabwera ndi kachikho m'manja, akumwetulira, kudzapempha kongothirira nkhwani.

Dotoloyo anamukonda mwanayo. Tsiku lina anamupatsa chigoba chachikulu cha nkhono, chofiirira m'kati ngati nkhama, nati chinachokera ku nyanja yaikulu ya mchere, kumene nsomba zina zimaposa nyumba kukula. Ukachiika pakhutu umamva madzi akewo akupuma. Ngakhale tsiku lopuntha nyembali, chigobacho chinali pamkeka, pafupi ndi mutu wa Elena.

Galu anauwa kunjira, ndipo kunamveka odi. Anali a Kalisto, msuweni wa Alufeo, amene ankaphunzitsa sukulu ya m'mudzi komanso ankathandiza dotolo kumanga zilonda ndi kumasulira mawu. Anavala jekete yakuda yowakulira, mapazi ali pansi.

"Afika amuna anga a jekete," anatero a Magadalena, monga achitira asuweni. "Mwanditengera chiyani kwa Azungu anuwo? Kapena m'matumbamo mwangodzaza mphepo?"

Masiku ena a Kalisto akadabweza mpaka anthu kugwira nthiti. Tsikuli anangoseka pang'ono, n'kukhala pamwala. Anafunsa za moyo, za nyemba, za chifuwa cha Alufeo, maso awo akubwererabwerera pamkeka paja. Anayamba patali, monga achitira munthu wosenza uthenga wolemera. Kenaka ananena kuti dotolo wawatuma mudzi ndi mudzi kukauza anthu kuti nkhono sakuzifunanso, ndipo munthu aliyense asapondenso m'dziwe la kumunsi lija, kaya kusamba kaya kuchapa.

Alufeo anafunsa ngati kumapiri kuno kwabwera ng'ona. A Kalisto anapukusa mutu, nati chomwe chili m'madzimo n'chaching'ono kuposa nsabwe.

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa ana a sukulu. Ku dziko la Ejipito, lomwe lija la Yosefe ndi Farao, anthu ambiri amakodza magazi, ndipo ophunzira akhala zaka akufunafuna gwero lake. Tsopano alipeza. Anatenga nkhono za m'ngalande n'kuziika m'madzi, m'madzimo n'kuviikamo mbewa zamoyo. Patapita nthawi anazitumbula mbewazo, ndipo anapeza nyongolotsi m'mitsempha mwake. Tinyongolotsito timakulira m'thupi la nkhono, timatuluka tili tosaoneka ndi maso, timasambira, tikapeza munthu timaboola khungu n'kulowa. Wodwalayo akakodza m'madzi, mazira ake amabwerera kwa nkhono, ndipo zimangozungulira chotero. Pamene tikulowa munthu samva ululu ayi. Amangomva kuyabwa.

Ndodo inagwa m'manja mwa Dorika.

"Ndiye kuti si mdulo, aphunzitsi?"

"Dotolo akuti si mdulo, mlamu. Akuti ndi madzi aja."

Choyamba kumufika pamtima chinali chimwemwe, ndipo pambuyo pake anachita nacho manyazi. Anatembenuka kuti aone nkhope ya a Magadalena. Anafuna kuti akazi onse a pakasupe amve, anafuna kuti mphepo itenge mawuwo mpaka ku Chongoni. Koma chimwemwecho chinakhala ngati mame a m'chilimwe. Anakumbukira mafuta a nsatsi aja, anakumbukira dzanja lake likusisita timiyendo totuluka tiziphuphu, iye akuti usalire, mawa upitenso, chipanda sichinadzaze.

A Magadalena anaika lichero pansi. Anati nkhani ya nyongolotsi yolowa pakhungu lopanda bala sanaimvepo chibadwire, ndipo ikadakhala yoona achule akadatha kalekale. Komabe iwo si ophunzira, sangatsutse galasi la Mzungu.

"Tavomera, amuna anga," anatero. "Tulutsani mankhwala ake m'jeketemo, mwana amwe."

A Kalisto anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Anati mankhwala ake kulibe. Ophunzira akadafunafuna.

"Dzina lake alidziwa. Nyumba yake aidziwa. Khomo lolowera alidziwa. Koma mankhwala ayi?" anafunsa a Magadalena.

"Ayi, sanawapeze."

Kenaka Alufeo, yemwe nthawi yonseyi ankangopala mpini, anafunsa kuti dotolo anaimva liti nkhaniyi. A Kalisto anazengereza, koma sanali munthu wonama. Anati inafika mvula isanathe. Alufeo anati akukumbukira bwino kuti iye anabwerako ku ulendo chimanga chitauma m'munda, ndipo anakumana ndi mwana wake panjira atasenza chipanda, akupumira pamwala uliwonse. A Kalisto anavomera. Anati dotolo anafuna ayambe waona yekha ndi galasi lake lokuza zinthu ngati nkhono za kuno nazo zili nato, chifukwa si bwino kuopseza anthu ndi nkhani yosatsimikizika. Ndipo kuti aone, pankafunika nkhono.

Alufeo anabaya kasemasema pansi, n'kumusiya ali chiimire.

Apo a Kalisto anapisa m'thumba, n'kutulutsa kansalu komanga pakamwa. Anati ndi mchere wa chipanda chomaliza, umene Elena sanakatenge, ndipo dotolo wawonjezerapo wina ngati chipepeso, chifukwa nkhaniyi yamukhudza kwambiri. Anakaika pansi, pakati pa makoko a nyemba. Palibe anatambasula dzanja. Thadzi lija linabwera, linajompha nsaluyo kawiri, n'kuchoka.

"Walira mvula walira matope," anatero a Magadalena, ndipo nthawi ino analankhula ndi Dorika maso ndi maso. "Mwaona, mlamu? Kaya nkhono kaya chiyani, zonse zabwerera pamchere."

Anapitiriza motsitsa mawu. Anati mwina nyongolotsizo zilipodi, koma chilombo chimalowa m'khola lomwe wina watsegula. Anati iwo anaika m'manda ana awo onse, ndipo sangakhale duu kuonerera mwana wa mlongo wawo akutha, pamene mizu ili kudenga ndipo munthu wina akusunga dzina lake ngati mbewu. Dorika anaona kuti mayiyo sankangomuda iye chabe, ankamukondadi Elena, ndipo zimenezo zinamupweteka koposa chidani.

A Kalisto atatsanzika, Dorika ananyamuka kuti awaperekeze. Anayenda kudutsa makola a mbuzi mpaka pamtengo wa msuku, pamene njira imapatukira ku mishoni. Pamenepo anaima.

"Aphunzitsi, inu munationa ndi maso anu?"

A Kalisto anati anationa. Dotolo anawaitana kuti asuzumire m'galasimo. M'kadontho kamodzi ka madzi munali tambirimbiri, tokhala ndi michira ya mphanda, tikuvinavina osapuma. Anati chionereni sanathe kumwa madzi osayamba awayang'anitsitsa.

Dorika anawakhulupirira. Sanafune kutero, koma anawakhulupirira mpaka m'mafupa. Anafunsa ngati mwanayo achira. A Kalisto anati ena amakhala nato zaka zambiri mpaka kukalamba, koma ena, makamaka amene analowa m'madzimo kawirikawiri, thupi limagonja. Anamulangiza kuti azimupatsa phala ndi mazira, ndiponso azipemphera.

"Nanga mizu ili kudenga ija, ingaphe tinthuto?"

"Mlamu, ine ndine wa mpingo. Musandifunse za mizu."

"Sindikufunsa mpingo. Ndikufunsa inu, amene munasuzumira m'galasi."

"Sindikudziwa," anayankha a Kalisto.

Dorika anagwedeza mutu. Anati dotolo wanena kuti mankhwala alibe, ndipo wanena zoona. Koma aphunzitsi anena kuti sakudziwa. Pakati pa mawu awiriwo, iye waona pamene pali kampata.

A Kalisto anazindikira kumene mtima wake ukulowera, ndipo anachita mantha. Anamuuza kuti asadzinamizire tchimo lomwe sanachite, chifukwa bodza ndi bodza ngakhale ulinenere wekha. Anamukumbutsa kuti akulu a mpingo akamva adzamuchotsa pa mgonero, akazi adzamusala, ndipo mawu oterowo akatuluka sabwereranso m'kamwa. Anati tsopano dzina lake layera, alisunge. Dorika anawathokoza chifukwa chobwera, n'kuwafunira ulendo wabwino.

Pobwerera sanafulumire. Kuchokera pachitunda ankatha kuona dambo lonse likutsika, ndipo kumapeto kwake dziwe lija linkanyezimira ngati kachitsulo kotayika m'udzu. Linali lokongola monga mwa masiku onse. Anaganiza za amuna ophunzira a kutali aja, ndi mbewa zawo, ndi mabotolo odzaza nkhono zotoledwa ndi manja a mwana wake. Mwina tsiku lina adzawapeza mankhwalawo, ndipo ana a anthu ena adzachira. Sanawafunire zoipa. Koma Elena sakadatha kudikira tsiku limenelo.

Anapeza pabwalo palibe munthu wamkulu. A Magadalena anali atapita kukatsekera nkhuku zawo, Alufeo akumanga chitseko cha khola. Kansalu kamchere kanali pomwe paja. Elena anali maso, chigoba chili pakhutu.

"Mayi," anatero ndi mawu ofooka, "ndamva zimene amanena aphunzitsi. Ine ndinkasankha zazikuluzikulu. Dotolo ankati ndimatola bwino kuposa onse. Kodi ndinalakwa?"

Dorika anagwada, n'kumukonzera nsalu pamapewa. Anamuuza kuti sanalakwe chilichonse, mwana wotumidwa salakwa. Elena anafunsanso ngati n'zoona kuti mankhwala kulibe. Mayi ake anamuyang'ana m'maso, maso aakulu otsala okha pankhope, ndipo anati mankhwala alipo, ali kudenga kwa azakhali ake, amwa lero lomwe dzuwa lisanalowe. Mwanayo anatseka maso, n'kubwezera chigoba pakhutu.

Dorika anakaitana mwamuna wake ndi mlamu wake. Atakhala pakhonde, iye anagwada pansi patali pang'ono, monga agwadira munthu wa mlandu, manja ali pamaondo.

"Alamu, katengeni mizu ija," anatero. "Mwanayu ndinamudula ndine."

A Magadalena anapuma mozama ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Anafunsa dzina la mwamunayo, chifukwa sing'anga anati chivomerezo chisakhale chatheka. Dorika anati anali wapaulendo, mmodzi mwa amtengatenga odutsa, ndipo dzina sanamufunse. Mawuwo ankatuluka okha, osalala, ngati anawasunga kalekale, ndipo iye mwini anadabwa kuti bodza n'lopepuka chotero pakamwa.

Alufeo ankamuyang'ana. Masiku oyamba atangobwera anamuuzapo mkazi wake za anzake amene ankawoloka madambo ofunda a kumpoto katundu ali pamutu, n'kuyamba kukodza magazi patapita miyezi, amuna okhaokha opanda mkazi wowathirira mchere. Nkhani ya a Kalisto iye anaimvetsa kuposa onse pabwalopo. Dorika ankadziwa zimenezo, ndipo Alufeo ankadziwa kuti akudziwa.

"Make Elena," anatero chapansipansi, "ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndikudziwa, bambo."

Panali kanthawi kamene akadatha kudzuka n'kunena kuti mkazi wanga akunama, sanachite zimenezi. Dorika anaona mawuwo akukwera pakhosi pake. Kenaka Alufeo anatembenuzira maso kumkeka, kumapazi otupa aja, ndipo mawuwo anabwerera. Anaweramitsa mutu, n'kuuza mlongo wake kuti afulumire dzuwa lisanalowe.

Dorika sanayembekeze kuti amuletse. Iye mwini ndiye anasankha. Komabe pamene mwamunayo anaweramitsa mutu, china chake chinazizira m'chifuwa mwake, ndipo anadziwa kuti sichidzafundanso.

A Magadalena anathamanga ngati mtsikana. Anasinja mizu, anaiwiritsa m'phale, misozi ikutsika osaipukuta. Polankhula anali atafewa. Anati kuvomera n'kwabwino, Mulungu amakhululuka, anthu nawo amaiwala pang'onopang'ono. Mankhwala atapola anafunsa mchere, ndipo m'nyumba munalibe wina koma wa m'kansalu kaja. Dorika anakatola pakati pa makoko, n'kumasula mfundo. Unali woyera mbee monga kale. Anatapa ndi zala zitatu, anathira m'phale, anavundula ndi kamtengo, n'kunena mawu amene anauzidwa kuti anene. Kenaka anadzutsa mwana wake, kumutsamiritsa pachifuwa pake.

Elena anamwa kawiri, n'kukwinya nkhope. Anati akuwawa. Mayi ake anamunyengerera kuti amwenso kamodzi, ndipo anamwa. Ena anatsikira pachibwano, Dorika n'kuwapukuta ndi chala, n'kumubwezera m'kamwa kuti pasatayike kanthu.

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu. Dorika anayamba wagwira mapazi a Elena. Anadina ndi chala, ndipo chala chinasiya dzenje monga dzulo. Anadziuza kuti mankhwala sagwira tsiku limodzi. Anasenza mtsuko n'kupita kukasupe.

Nkhani inali itafika kale. Akazi amene ankaseka anangoti chete atamuona, ndipo wina anasuntha mtsuko wake kuti usagundane ndi wa Dorika. Mmodzi anafunsa za mwana, maso ali kumbali. Ena ankakambirana za uthenga wa aphunzitsi, akuti Mzungu watopa nazo nkhono, tsopano wapeka nkhani ya nyongolotsi kuti asamapereke mchere, pamene chodwalitsa mwana chadziwika kale. Dorika anatunga madzi ake, anawapatsa moni onse, n'kubwerera.

Alufeo anali atapita kumunda osadya kanthu, mpini uja atausiya patsinde pa nkhokwe. Dorika anatsuka nyemba zopuntha dzulo n'kuzitereka. Anakhala pafupi akusonkhezera moto, akumvetsera kupuma kwa mwana kuseri kwa khoma. Nyemba zitapsa anatambasula dzanja kuti atenge kansalu, kenaka anakumbukira. Sing'anga anati wodula mwana asakhudzenso mchere wa m'ndiwo kufikira mwanayo atachira.

Anatuluka, n'kuima pakhomo.

"Alamu," anaitana, "dzandithirireni mchere."

A Magadalena anabwera akupukuta manja m'nsalu. Anamasula kansalu kaja, anatapa, anathira mumphika, anavundula n'kulawa. Anati nyemba za chaka chino zapsa msanga. Kenaka anatapanso pang'ono m'dzanja lamanzere, kongothirira nkhwani zawo, n'kumanga mfundo.